Dona Akati Ayi

Maso a Telala ankaweruka iye mwini asanaweruke. Akasoka kuyambira m'mawa, pofika masana zilembo za m'buku la mayeso zinkayenda ngati nyerere. Bukulonso silinali lomvera munthu chisoni: sewero lakalekale, la chilankhulo chokhotakhota, lodzaza amuna ovala mikanjo amene sanatsukepo mbale chibadwire.

N'chifukwa chake a Magetsi ankabwera. Akaweruka ku mawaya awo, ankakhala pa kampando ka makasitomala m'chipinda chosokera, n'kumamuwerengera mokweza iye akupinda mipendero. Anadziwana ku sukulu ya akuluakulu ya Loweruka, kumene anthu a imvi amapanikiza mawondo m'madesiki a ana posaka satifiketi imene inawadutsa ali achinyamata. Telala ankaifuna kuti akaphunzitse zosoka pa sukulu ya ntchito zamanja. A Magetsi ankaifuna kuti asiye kutumidwa ndi anthu amene iwo omwe anawaphunzitsa kugwira pulayala. Onse awiri anali oferedwa. Zinazo zinabwera zokha, pang'onopang'ono, ngati dzimbiri.

"Imani kaye pamenepo," Telala anatero, mapini ali pakamwa. "Ndiye kuti nduna ya mawu ofewayi ikufuna mtsogoleri aphedwe, koma payokha singathe?"

"Singathe. Anthu saikhulupirira. Ikufuna mnzake wa mtsogoleriyo, amene anakula naye, alowe m'chiwembucho. Anthu adzati, ngati uyu wavomera, ndiye kuti chifukwa chinalipo."

"Ndiye ikumunamiza."

"Ndi pomwe aphunzitsi akuti tionetsetse. Sikunama ayi. Zonse ikunenazi n'zoona. Ikungosankha chonena, ndi poyambira."

Telala analavulira mapini m'dzanja. "Amuna inu mumasowa zochita. Theka la buku kunyengererana kupha munthu mmodzi. Akanakhala ndi ana owaphikira, bwenzi mtsogoleriyo ali moyo mpaka lero."

A Magetsi anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatseka buku, chala chili mkati.

"Za Lamlungu zilipobe?"

Lamlungu linali tsiku loti adzadye pakhomopo, pamaso pa achimwene ake a Telala, n'kunena poyera zimene msewu wonse unkadziwa kale.

"Zilipo. Koma mawu anga sanasinthe, bambo. Achimwene adzalankhula zawo, ine ndidzamva ndi khutu limodzi. Dona akati ayi, ndiye ayi. Sindidzakhala pansi kukambirana."

Dona anali mwana wake mmodzi yekhayo, wa chaka chomaliza ku sekondale. Dzinalo analipeza ali kamwana chifukwa chokana kusamba madzi ozizira.

"Dona ine timagwirizana," a Magetsi anatero.

"Amagwirizana ndi aliyense womukonzera chaja. Werengani, kuwala kukutha."

* * *

Cholakwa cha Telala chinali choti mawu amenewa sanawanenere a Magetsi okha. Anawanenanso m'kalasi, Loweruka lina akudikira aphunzitsi, anzake akumunyogodola kuti ukwati ndi liti. Anawanena mokweza, monyadira, ngati mayi wodziwa kulera. Tcheya anali pomwepo, akupala zikhadabo.

Tcheya anali mwini saluni ya pafupi ndi siteji ya basi, ndipo utcheya wa gulu lowerengera limodzi anadzipatsa yekha. Mwamuna analibe, koma anali ndi soketi yothetheka, ndipo inayamba kuthetheka mwezi womwe a Magetsi anayamba kuwerengera Telala.

Loweruka madzulo, kutatsala sabata imodzi kuti Lamlungu lija lifike, Telala ali ndi mapazi m'beseni la madzi ofunda, foni inalira. Unali uthenga wa pa gulu.

*Anzanga, Lachitatu tikumane ku saluni, tithane ndi gawo lachiwiri. A Magetsi musaiwale zida, soketi ija yayambanso.*

Pansi pake a Magetsi anayankha kuti *Chabwino Tcheya.*

Telala analemba: *Soketi imeneyo osangoizula bwanji?* Anafufuta. Analemba *Tamva*, n'kuika foni pansi.

Apa Dona analowa, tsitsi lolukidwa mpaka m'chiuno likugwedera kumsana.

"Wakuluka ndani?"

"Anti a ku saluni. Akuti amaphunzitsirapo atsikana awo, ndiye n'zaulere."

"Tsiku lonse uli pa mpando wa munthu. Mumakambirana chiyani?"

"Zinthu."

Dona sanapite kuchipinda. Anaima pakati pa balaza akuyang'ana khoma, pamene panadutsa paipi yatsopano yoyera ya mawaya.

"Amayi, chithunzi cha adadi chili kuti?"

"Chili pamwamba pa wadirobu, ndinachikulunga bwinobwino. Msomali unazuka. Ndichibwezera."

"Anachitsitsa ndi a Magetsi, eti?"

"Amadutsitsa waya, iwe. Umafuna aboole nkhope ya bambo ako?"

"Ndangofunsa."

"Wakutuma ndani kufunsa?"

"Kodi ine sindingaganize pandekha?"

Chitseko cha kuchipinda chinatsekeka, osati momenyetsa, koma mwaulemu wowawa kuposa kumenyetsa.

Chopweteka n'choti mwanayo sananame. Mwezi wathawo a Magetsi anasintha mawaya a pa balaza, chithunzi chinatsika, msomali unatuluka ndi chibumwa cha khoma, ndipo Telala anati mawa. Mawa analowa mayunifomu a sukulu. Mkuja linabwera diresi la mkwatibwi amene ankanenepa pa kuyeza kulikonse. Telala mwamuna wake sanamuiwale. Anangoiwala kugula msomali. Koma kamuuzeni mwana zimenezo.

* * *

M'mawa mwake achimwene anaimba foni, tiyi asanawire n'komwe.

"Mlongo, ndamva kuti munthu wakoyo ali ndi ana atatu."

"Munamva kwa ine, achimwene. Ndinakuuzani ndekha."

"Koma sunandiuze kuti wotsiriza akadanyowetsa zofunda. Adzachapa ndani? Iwe uli pa makina. Ndiye kuti Dona, chaka cha mayeso, akhale wantchito wa ana a eni ake."

"Zimenezo mwazitola kuti?"

"Alamu ako amamva zambiri akakhala pansi pa chowumitsira tsitsi."

"Auzeni alamu achepetseko moto wa chowumitsiracho. Chikuwaphika ubongo."

"Iwe seka. Mwamuna wako akanakhala moyo..."

"Akanakhala moyo bwenzi tilibe nkhani. Tiyi akusefukira, achimwene."

Anadula. Tiyi sanali kusefukira. Anaima pafupi ndi mbaula, manja m'chiuno, akuganiza kuti kamwana kaja kamanyowetsadi zofunda, ndipo funso loti adzachapa ndani iye anali asanaliyankhe ngakhale mumtima.

* * *

Lachitatu anakumana ku saluni makasitomala atachepa. Anakhala pa mipando yozungulira, pakati pa magalasi ndi fungo la tsitsi lowauka. Aphunzitsi anawalangiza kuti sewero saliwerenga chamumtima, aliyense atenge munthu wake alankhule. Wogawa anthuwo anali Tcheya. Iye anatenga nduna ya mawu ofewa. A Magetsi anawapatsa mnzake wa mtsogoleri. Telala anamupatsa msilikali wachiwiri, amene m'gawo lonselo amatsegula chitseko kamodzi.

"Poti maso amakuvutani, asisi," Tcheya anatero mokoma mtima.

Tisanamizane, Tcheya ankawerenga bwino. Sankakalipa ngati mmene a Magetsi ankachitira akafika pa mawu a nduna. Ankatsitsa mawu, dzanja lili paphewa pa a Magetsi, n'kuyamba ndi kuyamikira: kuti mwa onse wanzeru ndi iye yekha, kuti mtsogoleri amamukonda koma samufunsa maganizo, kuti munthu wotere sayenera kumangouzidwa zinthu zitatha kale. Za mpeni zinabwera kumapeto, pang'ono, ngati zosafunika kwenikweni.

Atamaliza, mlonda wina wa m'gululo anakanda mutu. "Ine funso langa ndi limodzi. Munthu wabwinobwino ngati uyu, anamvera bwanji zopusazi? Likabwera pa mayeso ndilemba chiyani?"

"Lembani kuti panalibe wina womukhazika pansi n'kumumvetsera," Telala anatero asanaganize. "Mtsogoleriyo anali wotanganidwa."

"Eya! Bwerezani ndilembe."

Sanabwereze. Anali akudziyang'ana pagalasi: mayi wa ulusi pa juzi, maso ofiira, amene sankakumbukira tsiku lomaliza limene anakhala pansi ndi mwana wake popanda nsalu pamiyendo.

Anthu akubalalika, a Magetsi anagwada pakona kumasula soketi. Telala anapita pamene Tcheya ankatsuka zipeso.

"Asisi, mwana wanga musamamuluke ulere. Manja ndili nawo."

"Iii, asisi, mwana wanzeru ngati uja? Ine ndimasangalala kucheza naye. Ali ndi zambiri mumtima. Kungoti pakhomo makina amasokosera."

"Makina amenewo ndi amene amamudyetsa."

"Indetu. Kodi ndanena choipa?"

Sananene choipa. Ndi pomwe panali povuta.

"Soketi iyi ilibe vuto, Tcheya," a Magetsi anatero ali pansi.

"Imadziwa kuti mwabwera," Tcheya anaseka. "Mukangotuluka iyambanso."

Telala anabwerera kunyumba atatsimikiza kuti lero lomwe akhala pansi ndi Dona. Pakhomo anapeza mkwatibwi uja akudikira ndi amayi ake, zipi itakana kukwera. Pamene awiriwo ankachoka, Dona anali atadya kale n'kudzitsekera ndi mabuku ake. Telala anagogoda kamodzi, anamva kuti "ndikuwerenga," ndipo miyendo yake inavomera msanga kuposa mmene inayenera kuvomerera.

* * *

Lachinayi a Magetsi sanabwere. Anatumiza uthenga woti ntchito yachuluka. Lachisanu anabwera ndi makina obowolera khoma.

Sanafikire pa kampando. Analowa pa balaza, anayeza ndi maso, anaboola, anaika msomali wopota wolimba, n'kupempha chithunzi. Anachipukuta ndi mkono wa malaya awo asanachikoloweke. Malemu anabwerera pakhoma ndi tayi yawo yopendekera, akuyang'ana balaza ngati munthu wobwera ku ulendo.

"Ndani wakuuzani za chithunzi?" Telala anafunsa.

"Ndangokumbukira. Ndine ndinachitsitsa."

"Mwezi wonse, mwakumbukira lero."

"Mutu wa munthu wamkulu, mayi."

Kuwerenga kwa tsiku limenelo kunali kwa chabechabe. Ankalumpha mizere, kubwereza tsamba limodzi, kusokoneza mawu a mtsogoleri ndi a msilikali. Dona atadutsa kuchokera kusukulu, anaima pakhomo la chipinda chosokera, anayang'ana a Magetsi, anayang'ana amayi ake, ngati akudikira kuti wina anene kanthu. Palibe ananena. Anapitirira.

"Mukudwala?" Telala anafunsa.

"Kutopa basi."

"Kutopa n'kwanga, musandibere. Pitani mukagone, Lamlungu mudzabwere ndi nkhope."

* * *

Lamlungu achimwene anabwera okha pa galimoto, alamu akuti mutu. A Magetsi anabwera wapansi, atavala malaya oyera osita mpaka kuwala, atanyamula zakumwa. Anadya mpunga ndi nkhuku popanda womva kukoma. Achimwene analankhula za malemu, za ulemu wa banja, za amuna a masiku ano, ndipo Telala anamva ndi khutu limodzi monga analonjezera.

Mbale zitapepuka, a Magetsi anapukuta manja pa mawondo.

"Achimwene, ine si munthu wa mawu ambiri. Mlongo wanuyu ndimamulemekeza. Ndikufuna tikhale banja, poyera, inu mukudziwa."

"Mwalankhula bwino," achimwene anatero. "Koma pano ine ndilibe mphamvu. Mlongo wanga anaika lamulo yekha. Timve kwa mwana."

Telala anaika supuni pansi. Lamulo limenelo achimwene iye sanawauzepo.

Dona anaimirira. Sanayenera kuimirira, panali pakhomo pawo, koma anaimirira, manja kutsogolo ngati pa mpikisano wa kusukulu.

"Amayi, ine sindikuti ayi. Mwavutika mokwanira. Adadi atamwalira munasoka mpaka zala kutupa, ndinkaona. Kwatiwani."

Telala anatulutsa mpweya umene anausunga sabata yonse.

"Koma ine ndikupita kwa amalume. Chikwama chili m'galimoto."

"Chalowa liti m'galimoto?"

"Mukukazinga nkhuku."

"Khala pansi, Dona."

"Nyumba ino ili ndi zipinda ziwiri zogona. Ana atatu adzagona kuti? Mwandifunsapo? Munauza kalasi yonse kuti mawu omaliza ndi anga. Ine ndinazimva ku saluni, mutu uli m'manja mwa munthu."

"Ndimati ndikufunse lero."

"Pamaso pa alendo."

Telala anayang'ana mafupa a nkhuku m'mbale. Anafuna kukalipa, koma sanapeze pogwira. Mwanayo sanalakwitse mawu ndi amodzi omwe.

"Ngati zili choncho, ukwati palibe," anatero. "Mwamuna sindimusinthanitsa ndi mwana. Bambo, pepani, mwamva nokha."

"Musawapepese, amayi. Iwo akudziwa kale."

A Magetsi anagwira tambula ndi manja awiri.

"Ndinapita kuntchito kwawo Lachinayi," Dona anapitiriza. "Ndinawauza zonse. Za chithunzi, za chikwama, zoti ndichoka lero. Anti a ku saluni anati, kawauze iwowo poyamba. Akakhala munthu wofuna kuti iwe ukhale, athamanga tsiku lomwelo kukauza amayi ako. Akakhala chete, udziwa kuti akufuna chipinda chako. Ndadikira Lachinayi. Ndadikira Lachisanu. Dzulo lonse ndimamvetsera ngati mundiitana. Iwo anangobwera kudzakhoma chithunzi."

"Mwana wanga, si choncho," a Magetsi anayamba.

"Sindine mwana wanu."

Achimwene anatola makiyi patebulo, nkhope itadzaza chisoni chimene anachikonzekera kunyumba. "Mlongo, usadandaule. Mwana akhala bwino. Mitima ikazizira tidzakambirana."

Telala sanakoke mwana wake pamsewu anthu akuona. Si mayi wotero. Anapita kuseri kwa nyumba, anachotsa yunifomu yachiwiri pachingwe ikadali yachinyezi m'kolala, anaipinda, n'kuipereka pa zenera la galimoto.

"Ukafika uiyanike. Mankhwala a chifuwa watenga?"

"Ndatenga."

"Masokosi?"

Dona anayang'ana kumbali. Galimoto inanyamuka.

* * *

A Magetsi anali ataima pakhonde, manja akulendewera ngati si awo.

"Ndinkaopa, mayi. Ndikanakuuzani mukanaimitsa zonse tsiku lomwelo. Ndinati ndikabwezera chithunzi, mtima wake ubwerera, inu simudziwa n'komwe kuti kunali nkhani."

"Ndiye munasankha kuti ndimve limodzi ndi achimwene."

"Anandipempha kuti ndisanene."

"Ndi mwana uja. Inu muli ndi imvi. Munakhala pa kampando kanga Lachisanu, mwana ataima pakhomo akukuyang'anani, inu n'kumandiwerengera za anthu akufa."

"Ndinalakwa."

"Munalakwa, inde. Ndiye nditani nako kulakwako, ndiphike? Pitani kwanu, bambo. Ndatopa."

Analowa m'nyumba n'kuyamba kusonkhanitsa mbale, chifukwa mbale sizidziwa kuti mwana wachoka. Anathira madzi m'beseni, anatsuka mphika, anatsuka matambula anayi. Atasuzumira pa zenera, a Magetsi anali akadali pa geti, osalowa, osachoka.

Foni inalira pamwamba pa kabati. Anapukuta dzanja limodzi pa siketi. Sunali uthenga wa pa gulu. Tcheya anamulembera yekha.

*Asisi musade nkhawa, Dona ali kwathu kuno. Amalume ake amutsitsa, akuti kwawo n'kutali ndi sukulu ndipo alamu anu sakupeza bwino. Ndamupatsa chipinda chakechake, akhala mpaka mayeso. Inu pumulani, mwatopa.*

Telala anawerenga kawiri, kachiwiri atatalikitsa foni kuti zilembo zisiye kuyenda. Anaimbira achimwene, foni inali yozima. Anaimbira Dona, inaitana mpaka kuduka. Saluni Lamlungu imakhala yotseka, ndipo kumene Tcheya amagona iye sankakudziwa. M'gulu lonse sanamvepo wina akuti anafikako.

Anavula masilipasi, anavala nsapato zoyendera, anatseka chitseko n'kupita pa geti.

"Dona sali kwa amalume ake. Ali kunyumba kwa Tcheya."

Telala anayang'ana msewu uku ndi uku.

"Ndifunsa ndani njira? Mlonda uja mwina angadziwe?"

"Sangadziwe," a Magetsi anatero motsitsa. "N'kuseri kwa chigayo chakale. Nyumba ya geti yobiriwira. Galu wake amaluma, koma ine amandidziwa."

Telala anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumaso.

"Galu amakudziwani."

"Mayi, zinali inu ndisanakudziweni..."

"Tsogolani," Telala anatero, akukoka geti kumbuyo kwake. "Zimenezo muyankha tikuyenda."